Ululu ukabwereranso m'mwendo pambuyo pa opaleshoni ya msana

Anthu ambiri amene achitidwa opaleshoni ya m'munsi mwa msana amatsitsimuka ndi chimwemwe chachikulu. Bala limawawa ndithu, koma moto uja umene unkayambira m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kukafika kuphazi, umakhala utazima. Munthu amene wakhala miyezi akugona atapinda mwendo, akulephera ngakhale kuvala nsapato, amawongola mwendo pabedi n'kugwetsa misozi yachisangalalo. Gadiyani amaimba foni kumudzi, kumpingo amayamika, ndipo aliyense amati nkhani yatha.

Ndiye pakapita sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu, usiku wina mwendo uja umayambanso. Poyamba kumakhala kunyerenyetsa kwa m'katumba, kenako kubaya, kenako kuwotcha kumene munthu akukudziwa bwino lomwe. Apa ndi pamene mtima umasweka kuposa kale, chifukwa opaleshoni inali chiyembekezo chomaliza. Pena banja linagulitsa ng'ombe kapena malo, pena munthu anadikira nthawi yaitali pamndandanda wa kuchipatala. Mawu amene amamveka m'nyumba zotere ndi amodzimodzi: opaleshoni yakanika, adokotala analakwitsa, kapena pali dzanja la munthu.

Ine ndikuti nthawi zambiri sizikhala choncho. Kubwerera kwa ululu m'masabata oyamba n'chinthu chimene madokotala a msana amachidziwa ndipo amachiyembekezera. Chimene chimandipweteka n'chakuti wodwala amatuluka m'chipatala atauzidwa tsiku lochotsa ulusi ndi kamwedwe ka mankhwala, koma osauzidwa kuti tsiku lotere likhoza kufika, ndiponso osauzidwa kusiyanitsa ululu umene ungadikire ndi ululu umene umafuna kuti munthu athamangire kuchipatala usiku womwewo.

Zimene zinachitika m'kati

M'munsi mwa msana muli mafupa asanu amene achipatala amawatchula L1 mpaka L5, ndipo pansi pake pali fupa la m'chiuno limene chigawo chake choyamba ndi S1. Pakati pa fupa ndi linzake pamakhala disiki, kachinthu kolimba kunja koma kofewa m'kati. Chikopa chake chikang'ambika, zofewa za m'kati zimatumphukira kunja n'kukapana mtsempha, osati wa magazi ayi, koma wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi mwendo. Pafupifupi 9 mwa 10 a madisiki otumphuka m'munsi mwa msana amakhala pa malo awiri okha, pakati pa L4 ndi L5 kapena pakati pa L5 ndi S1. Mitsempha yotuluka pamenepa imakaphatikizana n'kupanga mtsempha waukulu kuposa yonse m'thupi, wotchedwa sciatic, umene umadutsa m'thako mpaka kuphazi. N'chifukwa chake vuto limakhala kumsana koma chowawa n'kukhala mwendo. Ambiri kwathu kuno amangoti nyamakazi.

Opaleshoni yochotsa disiki yotumphuka si yatsopano. William Mixter ndi Joseph Barr, madokotala a ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston, anaifotokoza mu 1934. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti vuto lonse ndi kupanikizika basi. Koma mu 1993 Kjell Olmarker ndi anzake ku Gothenburg m'dziko la Sweden anaonetsa, poyesa pa nkhumba, kuti zofewa za m'kati mwa disiki zimatha kuvulaza mtsempha pongoukhudza, ngakhale popanda kuupana. Zimautupitsa n'kuusiya uli wokwiya. Zimenezi zikutanthauza kuti dokotala akachotsa chopanacho, amasiya mtsempha womasuka koma wovulala. Ndiponso kuti afike pa disiki, amayenera kuukankhira pambali mtsempha womwewo ndi chida, zimene zimauwonjezera kutupa kwa kanthawi.

Aliyense amene anachotsapo njerwa imene inakhalitsa pa kapinga akudziwa kuti udzu wa pansi pake sudzuka tsiku lomwelo. Umakhala wachikasu, wogona, ndipo umatenga nthawi kuti ubiriwirenso. Mtsempha umene wapanidwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka uli chimodzimodzi. Opaleshoni imachotsa njerwa, koma kuchira ndi ntchito ya mtsempha mwini wake.

Nanga bwanji masiku oyamba kumakhala zii? Pali zifukwa zingapo zimene zimakumana. Madokotala ambiri amathira mankhwala ochititsa dzanzi pabala, ena amaika mankhwala oletsa kutupa a gulu la steroid pa mtsempha asanatseke, ndipo m'wodi wodwala amalandira jakisoni wamphamvu. Nthawi yomweyo amakhala ali gone, palibe chimene akugwira. Akatuluka, zonsezi zimatha mphamvu pamodzi. Kutupa kwa pamalo ochekedwa kumakhala kusanathe. Ndiye wonjezeranipo ulendo wobwerera kwawo: kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ndipo wa ku Karonga kapena ku Nsanje amakhala tsiku lathunthu pampando wa basi, akugwedezeka m'maenje. Kufika kunyumba, alendo odzazonda amabwera motsatizana ndipo ulemu umamukakamiza kukhala pampando maola ambiri. Mtsempha wovulala sungakhale chete pa zonsezi.

Kuchira kwa mtsempha kuli ndi dongosolo lake. Kawirikawiri ululu ndiwo umayamba kuchepa, mphamvu za mwendo zimatsatira, ndipo dzanzi ndilo limathera kumapeto, pena patapita chaka, pena osatheratu. Pamene tinthambi ta mtsempha tinaonongeka, timaphukanso pafupifupi milimita imodzi patsiku, kutanthauza masentimita awiri kapena atatu pamwezi. Yezani mwendo wanu muone kutalika kwa ulendowo. M'kati mwa nyengo imeneyi mtsempha umatumiza mauthenga osokonekera: ngati nyerere zikuyenda pakhungu, ngati madzi ozizira akutsikira m'mwendo, ngati shoko ya magetsi. Ngati wovulala ndi mtsempha wa pa L5, zimamveka pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu. Ngati ndi wa pa S1, zimamveka m'mphepete mwa phazi, kuchidendene ndi kukachala kakang'ono. Ena amadabwa kuti pamene panali dzanzi lokhalokha payamba kuwawa. Nthawi zina chimenecho chimakhala chizindikiro chakuti mtsempha ukudzuka.

Palinso mbali ya ubongo, ndipo ndikupempha kuti pasakhale wondimva molakwa. Mu 1983 Clifford Woolf, wasayansi wobadwira ku South Africa amene ankagwira ntchito ku London, anaonetsa kuti ululu ukakhalitsa, njira zonyamula uthenga m'msana zimasintha n'kuyamba kukuza kanthu kakang'ono. Kukhudza kwa chofunda kumamveka ngati kuwotcha. Ululuwo ndi weniweni, si wongoganizira kapena wodzipangitsa. Koma zikutanthauza kuti mantha, kusowa tulo ndi nkhawa ya ngongole zimauwonjezera mphamvu. Munthu amene wagona akuganiza kuti opaleshoni yakanika amamva kuwawa kwambiri kuposa amene anauzidwiratu kuti zoterezi zimachitika ndipo zimapita.

Wodikira ndi wothamangira

Ululu umene ungadikire uli ndi makhalidwe ake. Umakhala wocheperapo poyerekeza ndi wa opaleshoni isanachitike, umabwera n'kupita, umakula tsiku limene munthu wayenda kapena kukhala kwambiri, ndipo umatsika akapuma kapena akasintha kagonedwe. Robin McKenzie, katswiri wa mafizo wa ku New Zealand, anazindikira chinthu china chothandiza kwambiri: ululu ukamachoka kuphazi n'kumakwera cha m'bondo, m'thako mpaka kumsana, ndiye kuti zinthu zikuyenda bwino, ngakhale msana utawawa kuposa dzulo. Ukamatsika kulowera kuphazi, ndiye kuti mtsempha ukuvutitsidwa. Ndi bwino kukhala ndi kope n'kulembamo madzulo aliwonse kuti lero ululu unali pati pakati pa 0 ndi 10, unafika mpaka pati m'mwendo, ndipo munagwira chiyani. Musayerekeze lero ndi dzulo. Yerekezani sabata ino ndi sabata yatha. Kopelo lidzathandizanso dokotala kuposa kungomuuza kuti ukuwawabe.

Koma pali zizindikiro zimene sizifuna kope. Kumapeto kwa msana mitsempha imalendewera pamodzi, ndipo ina mwa iyo ndi imene imalamulira chikhodzodzo, matumbo ndi ziwalo zobisika. Ikapanidwa yonse, kaya ndi disiki yotumphukanso kapena magazi oundana pamalo a opaleshoni, achipatala amati cauda equina syndrome. Munthu amalephera kukodza ngakhale chikhodzodzo chadzaza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zimangotuluka osazimva. Pakati pa miyendo, ponse pamene pamakhudza chishalo munthu akakwera njinga, pamachita dzanzi, moti podzipukuta kuchimbudzi samva kanthu. Miyendo yonse iwiri imatha kufooka. Apa nthawi imawerengedwa m'maola. Kuchedwa kumatha kusiya munthu akuvala thewera moyo wake wonse.

Ndachedwa pa mfundo imeneyi chifukwa ndikudziwa mdani wake kwathu kuno, manyazi. Bambo wa zaka 55 sangauze mwana wake wamkazi amene akumusamalira kuti kumaliseche kwachita dzanzi. Mayi sangauze mkamwini amene ali ndi galimoto kuti wadzinyowetsa. Amati aone kaye mawa. Chonde, musaone mawa. Ngati simungathe kuuza mwana, uzani mnzanu wa msinkhu wanu, mlamu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mukafika kuchipatala nenani poyera pakhomo pomwe kuti munachitidwa opaleshoni ya msana ndipo simukutha kukodza. Musaime pamzere.

Zina zofuna kuchipatala tsiku lomwelo ndi izi. Phazi likayamba kufooka mwatsopano, moti patapata ikungovuka yokha, zala zikukhwekhwereza pansi, kapena simukutha kuimira zala. Thupi likatentha, bala likafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, kapena msana ukayamba kuwawa koopsa usana ndi usiku osalola ngakhale kutembenuka, chifukwa tizilombo timatha kulowa m'malo a disiki patapita masabata angapo. Mutu ukamawawa kwambiri mukaimirira n'kuleka mukagona, makamaka ngati pabala pakutuluka madzi oyera, ndiye kuti mwina madzi ozungulira mitsempha akudontha. Ndipo katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa pomugwira, kapena mukayamba kubanika, vuto likhoza kukhala magazi oundana m'mtsempha wa magazi, amene amapha akakafika m'mapapo.

Tisabise, disiki imathadi kutumphukanso pamalo omwewo. Dokotala amachotsa chidutswa chotuluka chokha, ndipo bowo la pachikopa cha disiki limatenga nthawi kuti litsekeke. Kafukufuku wosiyanasiyana amaonetsa kuti zimachitikira anthu apakati pa 5 ndi 15 mwa 100 aliwonse, makamaka m'miyezi yoyamba, ndipo osuta fodya ndi odwala shuga ali pachiopsezo chokulirapo. Kawirikawiri ululu wake umabwera mwadzidzidzi, pena pambuyo ponyamula chinthu, kutsokomola kapena kuyetsemula mwamphamvu, umafanana ndi wakale uja kapena kuuposa, ndipo sutsika ndi kupuma. Umenewu ndi wofunika kuonana ndi amene anakuchitani opaleshoni m'masiku ochepa. Ngakhale zitatero, si kuti mpeni wachiwiri ndi wosapeweka. Thupi limatha kumeza lokha chidutswa chotuluka, ndipo kafukufuku wa 2017 amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko angapo anapeza kuti zimatero mwa anthu pafupifupi awiri mwa atatu amene sanachitidwe opaleshoni. Ngati mwendo uli ndi mphamvu ndipo kukodza kuli bwino, madokotala ambiri amayamba ayesa kudikira.

Ululu umene umabwera pang'onopang'ono pakatha mwezi ndi theka mpaka miyezi itatu nthawi zina umagwirizana ndi chipsera cha m'kati, chimene chimamera mozungulira mtsempha n'kuulepheretsa kutsetsereka momasuka. Sikani ya MRI, wodwala atabayidwa mankhwala oonetsa bwino zithunzi, imasiyanitsa chipsera ndi disiki. Koma ndichenjeze amene akuganiza zogulitsa mbuzi kuti akajambulitse mwa okha sabata yachiwiri: chithunzi cha msana wongochekedwa kumene chimaoneka choopsa ngakhale zonse zili bwino. Ndipo ngakhale pa msana wosachekedwa, zithunzi zimanena zambiri kuposa zimene thupi likumva. Mu 1994 gulu la Maureen Jensen ku California linajambula anthu 98 opanda ululu uliwonse wa msana, ndipo oposa theka anapezeka ndi disiki yofufuma. Lolani dokotala akupimeni kaye mwendo ndi manja ake, ndipo iye ndiye anene ngati sikani ikufunika.

Chinanso chimene ife a kuno tiyenera kukumbukira n'chakuti si kuwotcha kwa mapazi kulikonse kumene kumachokera kumsana. Shuga amaononga mitsempha, kachilombo ka HIV nakonso, chimodzimodzi mowa wambiri, ndiponso isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine. Ululu wa matenda amenewa umagwira mapazi onse awiri mofanana, kuyambira kuzala. Mashingozi amatha kuyamba ndi kuwotcha kwa mbali imodzi matuza asanatuluke. Ndipo munthu amene akuonda, akutuluka thukuta usiku, msana ukuwawa, ayenera kupimidwa TB ya m'mafupa, imene m'dera lathu lino si yachilendo.

Mankhwala

Chodandaula cha ambiri n'chakuti panado sakuphula kanthu. N'zoona, ululu wa mtsempha sumvera kwenikweni mankhwala wamba. Panado amathandiza bala, ndipo munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku poteteza chiwindi. Bulufeni ndi diclofenac amachepetsa kutupa, koma akamwedwa masabata ambiri amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndipo amavulaza impso. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, amenenso amadutsira mu impso, asamangogula mankhwalawa pagolosale osafunsa. Ndipo amene anaikidwa zitsulo zolumikiza mafupa afunse kaye, chifukwa madokotala ambiri amaletsa mankhwala a gulu limeneli pamene mafupa akugwirana.

Mankhwala amene amapezeka mosavuta m'zipatala zathu pa ululu wa mtsempha ndi amitriptyline. Ena akawerenga pepala lake n'kuona kuti ndi a matenda a nkhawa amakhumudwa, n'kuganiza kuti adokotala awatenga ngati odwala mutu. Ayi. Pa mlingo wochepa, kuyambira mamiligalamu 10 kapena 25 usiku, amatontholetsa mtsempha ndi kuthandiza tulo. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamafunika masabata awiri kapena anayi, ndipo ambiri amawasiya tsiku lachitatu chifukwa cha kuuma kukamwa ndi kuwodzera m'mawa, zimene zimachepa thupi likazolowera. Kuwamwa madzulo chakumayambiriro kumathandiza. Abambo achikulire amene amavutika kale pokodza ndi onse odwala mtima anene zimenezi asanawalandire.

Pa gabapentin ndi pregabalin ndikufuna kulankhula mosapsatira, chifukwa ndi okwera mtengo ndipo mabanja amadzimana kuti awagule ku famase. Alipo anthu amene amathandizidwa nawo. Koma kafukufuku wa ku Australia wa anthu 209 odwala sciatica, wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2017, anapeza kuti pregabalin sanachepetse ululu wa mwendo kuposa mapiritsi opanda mankhwala, pamene chizungulire chinali chochuluka. Mu 2020 bungwe la NICE ku Britain linalangiza madokotala kuti asamapereke mankhwala a gulu limeneli pa sciatica, ndipo chaka cha 2019 dzikolo linali litawaika kale m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera chifukwa ena amawazolowera. Ngati dokotala wakulemberani, gwirizanani za nthawi yowayesa, ndipo ngati sakusintha kanthu, awachepetse pang'onopang'ono. Osawasiya mwadzidzidzi. Tramadol nayenso ndi wa masiku ochepa chabe: amazolowereka, amadzimbitsa, ndipo kumuphatikiza ndi amitriptyline popanda uphungu wa dokotala n'koopsa.

Sindinyoza amene amapita kwa asing'anga kapena kumapemphero pamene ululu wawasowetsa pogwira. Pemphero lisamaletsedwe. Koma mphini pafupi ndi bala la opaleshoni ndi khomo la tizilombo, ndipo kupondedwa kapena kuthyoledwa msana ndi munthu amene akuti akuwongola mafupa kungatumphutse disiki imene inali kuchira. Samalaninso ndi kuthowa. Phazi la dzanzi silimva kutentha, ndipo botolo la madzi otentha kapena mbaula pafupi zimatha kuwotcha khungu mwini wake osadziwa. Yesani kaye ndi dzanja, kulungani m'nsalu, ndipo musapitirire mphindi 15 kapena 20.

Pakhomo

Mwendo ukayambanso kuwawa, anthu amagawikana pawiri. Ena amagona osadzukanso, poopa kuononga. Ena, tsiku limene apezako bwino, amachapa, kusesa ndi kupita kumsika kuti abweze masiku otayika, mawa lake n'kugwa. Njira zonse ziwiri zimachedwetsa kuchira. Chimene chimathandiza ndi kuyenda pang'ono koma kawirikawiri, pamalo osalala: mphindi zisanu kapena khumi kangapo patsiku, n'kumawonjezera sabata ndi sabata, osati malinga ndi mmene mwadzukira. Ululu ukakula, chepetsani mtunda kwa masiku awiri kapena atatu, koma musaleke. Kukhala pampando kusapitirire theka la ola musanaimirire. Pogona chagada ikani pilo pansi pa mawondo, pogona chammbali ikani pakati pa mawondo, ndipo podzuka tembenukani thupi lonse pamodzi, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, kenako dzikankheni ndi mikono. Ofufuza a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wambiri mu 2014 anapeza kuti mafizo oyamba patapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi amafulumizitsa kuchepa kwa ululu, ndipo sanapeze umboni wakuti amachulukitsa obwerera ku opaleshoni.

Malangizo a kuchipatala amati kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi musawerame, musadzipotokole, musanyamule cholemera kuposa makilogalamu asanu kapena apo. Amanenedwa mosavuta, koma taonani tsiku la mayi wa kumudzi kapena wa ku Ndirande ndi ku Mtandire. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Kuphika ndi pamafuwa kapena pambaula, pansi. Kuchapa n'kowerama, kusesa ndi tsache lalifupi n'kowerama, khasu n'kuwerama ndi kudzipotokola pamodzi. Mwana wa zaka ziwiri akufuna kumsana. Kugona ndi pamphasa, ndipo chimbudzi n'chonyonyomala. Malangizo amenewa akapanda kumasuliridwa m'moyo weniweni amangokhala mawu. Mmisiri wa matabwa angakhome mpando wobowola pakati woika pa chimbudzi chokumba. Mbaula ingakwezedwe pa njerwa kufika m'chiuno. Tsache lingamangidwe ku ndodo yaitali. Bedi lingabwerekedwe kwa miyezi iwiri. Pokwera minibasi pemphani mpando wakutsogolo, ndipo kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, mupeweni mpaka dokotala atavomereza. Kudzimbidwa nako n'kofunika kukupewa, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumapanikiza disiki: madzi ambiri, masamba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa zimathandiza.

Koma chachikulu ndi anthu a pakhomo. Bala la opaleshoni imeneyi limakhala laling'ono, ndipo pakatha masabata awiri limakhala litapola. Ululu wa mtsempha suoneka. Ndiye manong'onong'o amayamba: wachira uyu, angokonda kutumikiridwa. Apongozi amaona mtengwa akuyenda pabwalo koma akukana kupita kumjigo, ndipo amati ndi ulesi. Bambo amene amadyetsa banja ndi maganyu amaona ufa ukutha m'thumba ndipo amabwerera kukasenza matumba sabata yachitatu. Amene timati timakonda wodwala, chikondi chathu chisathere pa kudzazonda ndi botolo la sobo. Chikhale kugawana masiku otunga madzi, kulima mizere yake nyengo ya dzinja, ndi kumukhulupirira akati ukuwawa. Olemba ntchito adziwenso kuti wa mu ofesi angabwerere pakatha masabata angapo, koma wa ntchito yonyamula amafunika miyezi itatu kapena kuposerapo. Za m'banja nazo musachite nazo manyazi kufunsa dokotala. Ambiri amayambiranso pakatha masabata ochepa, mosamala, wodwalayo ali chagada kapena chammbali. Ndipo wosuta fodya adziwe kuti disiki ilibe magazi okwanira ngakhale mwa munthu wathanzi, ndipo fodya amachepetsanso kochepako.

Dziko lathu lapita patsogolo pa opaleshoni yeniyeniyo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli madokotala a ubongo ndi msana, ndipo ku Lilongwe chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, chinatsegulidwa mu 2023. Akatswiri a mafizo tsopano amaphunzitsidwa konkuno ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre yakhala ikuthandiza ovulala msana kwa zaka zambiri. Koma zonsezi zili m'mizinda. Wodwala akabwerera kumudzi, womuona pafupi ndi wachipatala wa pa health centre amene mwina sanauzidwe n'komwe kuti anachekedwa pati ndipo chifukwa chiyani. Amene anachitidwa opaleshoni ku India kapena ku South Africa vuto lawo ndi lokulirapo, chifukwa dokotala wawo ali kutsidya la nyanja kapena kuseri kwa malire angapo. Bungwe la WHO linati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo ndi umene ukutsogola polepheretsa anthu kugwira ntchito. Odwala otere achuluka, sachepa. Pepala limodzi la m'Chichewa kapena m'Chitumbuka lofotokoza zizindikiro zoopsa, ndi nambala ya foni ya wodi yolembedwa m'buku la kuchipatala, sizifuna ndalama za mabungwe akunja.

Alipo ena, ndipo sindiwaiwala, amene ululu wawo sutha ngakhale patapita chaka, sikani n'kumaonetsa kuti mtsempha ndi womasuka. Kale achipatala ankawatchula ndi dzina lotanthauza kuti opaleshoni inalephera, ndipo mu 2021 akatswiri a ululu anapempha kuti dzinalo lisinthidwe chifukwa limaweruza wodwala ndi dokotala yemwe. Kwa anthu amenewa opaleshoni yachiwiri kapena yachitatu popanda chopana chooneka kawirikawiri sithandiza, ndipo imawonjezera chipsera. Chimene chimawathandiza ndi mafizo osalekeza, mankhwala osankhidwa bwino, jakisoni wa pa mtsempha kumene amapezeka, tulo tokwanira, ndi kuthandizidwa pa nkhawa, chifukwa ululu wokhalitsa umabweretsa kukhumudwa kwakukulu. Amene wafika poganiza kuti kuli bwino kufa anene msanga kwa wachibale kapena wachipatala. Ambiri mwa iwo amabwerera ku ntchito, kumunda ndi kumpingo, ululu utachepa kufika poti sukulamuliranso tsiku lawo.

Inu amene mukuyembekezera opaleshoni, kapena amene mukusamalira wodwala m'wodi sabata ino, musatuluke pachipata musanafunse. Safunsa anadya phula. Funsani kuti anacheka pa mafupa ati ndipo anachita chiyani, ndipo zilembedwe m'buku lanu. Funsani kuti mwendo ukayambanso kuwawa muimbire ndani, mafizo muyambe liti ndipo kuti, mankhwala mumwe mpaka liti. Tengani lipoti ndi zithunzi zanu zonse. Ndipo inu amene ululu wabwerera kale: ngati mukukodza bwino, phazi lili ndi mphamvu, thupi silikutentha, chepetsani ntchito, pitirizani kuyenda pang'onopang'ono, ndipo kadziwitseni dokotala wanu m'sabata yomweyi. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chasokonekera, nyamukani lero.